Dzina la Thandazani Pansi pa Tsamba la Makeke

Mayi Helen Kabamba a ku Woodlands, aja ophika makeke a maukwati ndi a makicheni pate, maphwando olangiza mkwatibwi, anakhala ndi ngongole ya mwana wanga nthawi yaitali, ndipo ine sindinasiye kuitchula. Ndinkaitchula kumsika wa Kabwata kumene ndimasoka, ndinkaitchula potuluka m'tchalitchi, ngakhale m'minibasi ndikakhala pafupi ndi munthu wa makutu. Sinali ya ndalama ayi. Unali mzere umodzi wa mawu, wofunika kulembedwa pansi penipeni pa webusaiti yawo: "Yopangidwa ndi Thandazani Mbewe." Tinapangana, anavomera, kenako anakana.

Inu amene ntchito yakugwetsani ndipo mwangokhala pansi, tcherani khutu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo kuzungulirazungulira sindikutha. Ndikuuzani mmene zinayendera.

Tsiku limene Thandazani anathamangitsidwa pageti la mayi Helen, anabwera wapansi kuchokera ku Woodlands, laputopu ili kumsana, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Sanadye. Anagona moyang'ana kukhoma. Kutacha ananena kuti laputopuyo akuigulitsa, akakhale kondakitala wa minibasi za ku Chelstone.

Mnyamatayu anali atagwapo kale. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Pa Giredi 12 masamu anamugwetsa, anabwereza, anamugwetsanso. Anzake atapita kukoleji, iye anapeza malo m'kashopu kojambula mapepala m'tauni, kuseri kwa Cairo Road. Pakakhala palibe kasitomala, ankaphunzira yekha kupanga mawebusaiti pa kompyuta ya mwini shopu.

Anayesa kundifotokozera. Anati pali HTML, imene imaika zinthu m'malo mwake, mutu pano, chithunzi apo. Pali CSS, imene imapatsa zinthuzo mtundu ndi kukula. Ndiye pali JavaScript, yochititsa kuti batani ukalidina lichite kanthu. Ine ndinati ndiye kudula, kusoka ndi kuika zipi. Iye anati si choncho kwenikweni. Ndinati ndi choncho basi.

Ntchito imeneyi ili ndi ubwino umodzi kwa mwana wolephera mayeso: ambiri sayamba ndi kufunsa satifiketi. Koma ili ndi funso lake lovuta. Kulikonse kumene ankapita ankamuuza kuti, "Tionetse zimene unapanga." Ndipo iye analibe choonetsa.

Mayi Helen ankabwera kwa ine kudzasoketsa nsalu za pamatebulo. Tsiku lina anadandaula kuti makasitomala amawavutitsa ndi mafoni kufunsa mitundu ya makeke, akufuna tsamba la pa intaneti loti anthu aziona okha n'kuitanitsa. Ndinawauza za Thandazani. Nditamva malipiro amene anatchula, ndinaimitsa makina.

"Ba Helen, izo mukamba ni za minibasi chabe, kuyenda na kubwela."

"Amake Thanda, uyu ni mwana akali kuphunzila. Ningamulipile bwanji monga wa kampani?"

"Chabwino, sungani zanu. Koma dzina lake lilembedwe pansi pa tsamba, aliyense aone kuti anapanga ni ndani."

"Izo chabe? Palibe vuto. Tizaona mwezi umozi ngati isebenza, ndiye alembe."

Tsambalo analipanga bwino, bodza ayi. Zithunzi za makeke zinali mbee, ndipo pansi panali batani lobiriwira loti munthu akadina, uthenga upite pa WhatsApp ya mayi Helen. Anthu anayamba kuitanitsa.

Ndiye linafika Lachisanu lija, mwezi usanathe, nyengo ya maukwati ili pachimake. Mayi Helen anaimba foni kuti batanilo likhale la pinki ngati mabokosi awo. Thandazani anati ndi kanthu kakang'ono. Anatsegula fayilo ya tsamba lenileni, lomwe anthu ankagwiritsa ntchito nthawi yomweyo, n'kusintha pomwepo. Posintha anafufuta mosadziwa kachizindikiro kamodzi kotsekera. Anayang'ana pa laputopu, batani lili pomwepo, la pinki. Anatseka n'kupita kukaonera mpira.

Koma ndani mu Lusaka amaitanitsa keke pa laputopu? Pa mafoni batanilo linali litasowa. Loweruka linadutsa, Lamlungu linadutsa, foni ya mayi Helen ili zii. Banja lina la ku Kabulonga lofuna keke ya ukwati linayesa, linalephera, linapita kwa wina.

Lolemba ataitanidwa, anafuna kubwezera tsamba mmene linalili, koma analibe pobwerera. Mu laputopu munali mafayilo otchedwa "yomaliza", "yomaliza2", "yeniyeni", "yeniyeni-manje". Sanadziwe yabwino ndi iti. Anaikapo yolakwika, ndipo mitengo ya makeke inasowanso. Mayi Helen anamulanda mawu achinsinsi olowera, n'kupatsa munthu wina woti akonze tsambalo. Mnyamatayo, ndi mantha akewo, anafunsabe za dzina.

"Dzina yako? Pa tsamba yanga? Iwe, choka pa geti yanga nikalibe kukalipa."

Kunena zoona, mayiyo anali ndi chifukwa chokwiyira. Ine ndikadula molakwika chitenge cha mkwatibwi, sindiyembekezera kuwomberedwa m'manja. Koma tsamba limene linatsala likugwira ntchito linali lomwe lija la Thandazani, munthu winayo atangoliika chigamba pamalo amodzi. Choncho ngongole inalipobe.

Za kugulitsa laputopu ndinazidula mwachidule. "Laputopu iyo ninagulitsila makina anga achiwili. Ukaigulitsa, uzagona mu minibasi mwamenemo." Anabwerera kukajambula mapepala, koma kwa milungu ingapo laputopuyo sanaitsegule n'komwe. Akamva foni ikulira ankadzidzimuka.

Kutchalitchi kwathu kwa Reformed kuli mtsikana woimba kwaya dzina lake Rachael, amene amagwira ntchito yomweyi pa kampani ina yaing'ono ku Longacres. Ndinamuimitsa pakhomo pa tchalitchi. Anandiuza mosabisa kuti ntchito alibe yoti apatse munthu, koma mnyamatayo abwere Loweruka ndi laputopu yake.

Rachael sanafunse kuona tsamba lokongola. Anati, "Nionetse mwamene usebenzela." Ataona mafayilo aja anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Bwanji, ba enjiniya? Pali yeniyeni na yeniyeni-manje. Nanga yeniyeni ni iti?"

Thandazani anagwetsa nkhope. Rachael analeka kuseka.

"Mvela. Sunagwe chifukwa ndiwe wopusa. Tonse timaphwanya vinthu, na ine sabata yatha ninaphwanya. Iwe unagwa chifukwa unalibe njila yobwelela kumbuyo. Izo ziphunzilika."

Anayamba kumuphunzitsa chida chotchedwa Git. Mmene ndinamvera ine, chidachi chimasunga ntchito pang'onopang'ono. Ukasintha kanthu kamodzi, umasunga n'kulemba mawu ochepa onena chimene wasintha. Ukasintha kena, umasunganso. Zikavuta, umabwerera pamene zinali bwino, osayamba kulira. Ndipo tsamba lenileni sulikhudza. Umatenga chofanana nalo, chimene amati nthambi, n'kuyesera pamenepo. Zikayenda, ndiye umaphatikiza. Apa ndinamva msanga, chifukwa nsalu yodula ya munthu sindiilowetsa sizasi ndisanayese kaye pa chinsalu chakale.

Musaganize kuti zinamulowa tsiku limodzi. Git yemweyo anamuzunza. Tsiku lina anaphatikiza nthambi ziwiri zosagwirizana, sikirini inadzaza ndi timizere ndi timivi, iye n'kumenya tebulo mpaka mapini anga anamwazika pansi. Anatola mapiniwo, anaimbira Rachael, Rachael anati awerenge kaye yekha zimene kompyuta ikunena, chifukwa mawu ofiirawo si matukwano, akumuuza pamene pavuta. Anawerenga. Zinamutengera masana onse, koma anakonza yekha.

Kuzima kwa magetsi kunamuthandiza kuzolowera. Batire ya laputopu yake inali yotha, magetsi akangozima nayo imazima. Choncho anaphunzira kusunga ntchito pafupipafupi n'kuitumiza pa intaneti, kuti mdima ukagwa asataye kanthu. Mnyamata amene kale ankalemba tsiku lonse osasunga, tsopano ankati akasintha mutu wa tsamba, wasunga. Akasuntha chithunzi, wasunga.

Lamulo lina la Rachael linali lakuti tsamba liziyamba kukonzedwera foni, laputopu pambuyo. Ndipo osati foni ya mabwana. "Peza foni yochipa maningi, ya sikirini ing'ono, ya netiweki yogona. Ikasebenza pamene apo, izasebenza paliponse."

Mafoni oterowo kumsika wa Kabwata ndi osasowa. Thandazani anapanga tsamba la kwaya, anapanga la kusoka kwanga, anapanganso la mayi wina woweta nkhuku zachikuda ku Chelstone, onse popanda malipiro koma dzina lake lili pansi. Akamaliza ankabwera kumsika kudzapempha amayi kuti atsegule pa mafoni awo. Kumeneko sanamunyengerere.

Monalisa, wogulitsa nsomba pafupi ndi ine, ndiye anali woyamba.

"Iwe Thanda, bwela kuno! Ka tsamba kako kadya bandulo yanga yonse pa chithunzi cha nkhuku imozi. Nkhuku niiziba kudala mwamene ionekela. Unibwezele!"

Msika wonse unaseka. Iye anapita kukachepetsa kulemera kwa zithunzizo, n'kukonza kuti za m'munsi zisamatseguke mpaka munthu atatsikira komweko. Atabwerera, Monalisa anati tsopano likutseguka, koma batani n'laling'ono, chala chake chonyowa chikuphonya. Analikulitsa. Mayi wina wachikulire anati zilembo zotuwa pa tsamba loyera sizioneka padzuwa. Anazidetsa. Ine ndinkangochita chimodzi: tsamba likachedwa kutseguka, foni ndimaiika pansi n'kupitiriza kusoka. Anafika podziwa kuti akaona foni yanga pansi, ntchito sinathe.

Anaphunziranso kuyesa ngati munthu wosokoneza dala: kudina batani kawiri, kutumiza osalemba dzina, kulemba mawu pamalo a nambala, kutembenuza foni cham'mbali. Ankati ndi bwino tsamba lisweke m'manja mwake kusiyana ndi m'manja mwa kasitomala.

Nyengo ya mvula inabwera n'kupita. Kenako Rachael anamuuza kuti kuntchito kwawo akufuna wophunzira ntchito, akaonane ndi abwana ake, bambo Elvis. Anapita atavala malaya amene ndinamusokera.

Bambo Elvis anayang'ana matsamba aja pa foni yawo n'kugwedeza mutu movomereza. Kenako anati za kwaya ndi nkhuku n'zabwino, koma kodi anapangapo la bizinesi yaikulu, kumene anthu amaitanitsa tsiku ndi tsiku? Thandazani anatchula la makeke. Anafotokozanso mmene analiphwanyira, osabisa. Bambowo anatsegula tsambalo, anatsika mpaka pansi.

"Palibe dzina apa, mwana. Nizaziba bwanji kuti ni iwe? Kuphwanya sikuniyofya. Koma nifuna kuona kuti mwine wake akuvomela. Dzina ikaoneka, ubwele."

Anafika kunyumba ali ngati tsiku loyamba lija. Anati pageti limenelo sapondanso. Ndinamufunsa ngati pageti pali mkango. Anati pali manyazi. Ndinati manyazi saluma, avale nsapato.

Sanapite tsiku lomwelo. Anayamba watsegula tsamba la mayi Helen pa foni yanga yong'ambika sikirini, ndipo ndinaiika pansi lisanatseguke. Zithunzi zinali zomwe zija zolemera zimene iye anaika kale asanadziwe kanthu. Anapanga chofanana nalo pa laputopu yake, anapepuza zithunzi, anakulitsa zilembo za mitengo. Atamaliza, tinakwera minibasi ya ku Woodlands tonse awiri.

Tinapeza mayi Helen m'khitchini, apuloni ili ndi ufa, mtsikana wawo wantchito akutsuka mapoto. Ine ndinali nditakonzeka kale pakamwa, koma Thandazani ananditsogola.

"Ba Helen, ninakulakwilani. Ninasintha tsamba yanu kopanda kuyesa, ndipo munaluza makasitomala chifukwa cha ine. Sininapepese bwino siku ija."

Mayiyo anapitiriza kusefa ufa.

"Uziba kuti banja ija ya ku Kabulonga ili na ana akazi atatu? Onse manje agula kwa wina. Kupepesa kwako kuzawabweza?"

"Iyayi, sikuzawabweza."

"Ndiye mwabwelela chani?"

"Dzina," ndinatero ine. "Tinapangana."

Thandazani anandiyang'ana kuti ndidikire. Anapempha mayi Helen kuti atsegule tsamba lawo pa foni ya mtsikana wantchitoyo, osati pa yawo yodula. Linazungulira, linazungulira, osatseguka. Kenako pa foni yomweyo anatsegula limene iye anakonza. Makeke anatulukira nthawi yomweyo.

"Amene aitanitsa keke ya kicheni pate kambili ni azimai a mu komiti ya pate," anatero Thandazani, "ndipo mafoni yao ni monga iyi. Ichi nakonza ni chanu, olo mukane dzina."

Mawu omalizawo sanandisangalatse, koma ndinadziletsa.

Mayi Helen anayang'ana foni ija kanthawi. Anapukuta manja, analemba mawu achinsinsi olowera n'kumupatsa.

"Lemba dzina yako manje manje. Nili na keke mu uvuni, nilibe nthawi."

Ine ndinafuula. "Lemba, iwe! Lemba akalibe kusintha maganizo!"

Koma mnyamatayo sanalembe. Anakhala pampando, anatenga tsamba lenileni mmene linalili n'kulisunga kaye. Anapanga nthambi. Mzere wa dzina anaulemba pa nthambiyo, osati pa tsamba limene anthu akuona.

"Mzele umozi chabe uchita nao mwambo wonse uyu?" anafunsa mayi Helen. "Amake Thanda, mwana wanu afuna nimuphikile na chakudya cha masana?"

"Na ine nadabwa," ndinayankha. "Thanda, nizakuchaya pamaso pa anthu."

"Amai, nibwelekeni foni yanu."

Ndinamuponyera. Anatsegula nthambi ija pa foni yangayo, anatsika mpaka pansi, n'kutitembenuzira kuti tione. Pa sikirini yaing'onoyo mzere wa dzina sunakwane, unapindikira pamzere wachiwiri, n'kukhala pamwamba pa batani la pinki loitanitsira keke. Anandiuza kuti ndidine batanilo. Ndinadina. Silinachite kanthu. Dzina lake lomwe linali litaphimba batani.

Thandazani anabwerera pa laputopu yake.

Anawonjezera mpata pansi pa batani, anachepetsa zilembo za dzinalo. Anayesa pa foni yanga, anayesa pa ya mtsikana uja, anaitembenuza cham'mbali. Kenako anapempha mtsikanayo kuti adine ngati akuitanitsa. Foni ya mayi Helen inalira pashelefu. Apo m'pamene anaphatikiza nthambiyo ndi tsamba lenileni.

Mayi Helen anatsegula pa foni yawo, anatsika pang'onopang'ono kudutsa makeke onse, mpaka pansi. Anawerenga mokweza: "Yopangidwa ndi Thandazani Mbewe." Anaika foni m'thumba la apuloni.

"Ngongole yasila, amake Thanda. Musanichule futi mu minibasi, nimamva vonse. Iwe, ivo vithunzi vopepuka uviikepo, koma mwamene wachitila apa. Osati mwa kudala."

Bambo Elvis anamutenga moyesera, ndipo kuyesako kutatha sanamuchotse. Lero Thandazani amakwera minibasi ya ku Longacres m'mawa uliwonse ngati wokwera, osati woitanira. Amalakwitsabe, amandiuza yekha. Koma akalakwitsa amabwerera pamene zinali bwino, amakonza, n'kupitiriza.

Tsono inu amene mwaphwanya ntchito ya munthu ndipo mukuganiza zogulitsa chida chanu, musagulitse. Funani amene akudziwa, alekeni akusekeni, kenako mufunse njira. Sungani ntchito yanu pang'onopang'ono, yesani musanaonetse anthu, ndipo pageti pamene munachoka ndi manyazi mudzabwererepo mutanyamula ntchito yabwino. Kugwa munagwa, zoona, koma musataye mtima. Dzukani, tsegulani laputopuyo.